Ndiwauze mayi tsopano, kapena ndidikire? Yankho kwa mnyamata wa ku Mufakose

Talandira kalata kuchokera kwa mnyamata wa zaka 24 wa ku Mufakose. Agogo ake anachokera ku Dedza, iyeyo anabadwira konkuno ku Harare. Akuti amakonda amuna anzake, ndipo wakhala akudziwa zimenezi kuyambira ali ku sekondale. Amakhala m'nyumba ya amalume ake pamodzi ndi mayi ake, ntchito ndi ya maganyu, ndipo mayi ayamba kufunsa za banja. Chomwe chikumusowetsa tulo n'chakuti munthu wina yemwe anadziwana naye pa foni akuti akapanda kumutumizira ndalama pa EcoCash, aponya zithunzi zake pa gulu la WhatsApp la kumpingo. Akufunsa kuti: "Kodi ndingowauza ndekha mayi asanamve kwa ena? Nanga anzanga onga ine ndingawapeze kuti?"

Achimwene, tsiku louza mayi anu muyenera kusankha ndinu, osati munthu amene akukuopsezaniyo. Ndiye tiyambe ndi iyeyo.

Musalipire. Ndalama yoyamba imangomuuza kuti muli ndi mantha komanso kuti muli ndi kopeza ndalama, ndipo sabata yamawa abweranso ndi mtengo wokwera. Musafufutenso mauthenga ake. Jambulani zonse: mawu oopsezawo, nambala yake, dzina lomwe likutuluka pa EcoCash mukalemba nambalayo, tsiku ndi nthawi. Zitumizeni ku imelo yomwe aliyense m'nyumbamo saidziwa, kenako lekani kumuyankha. Kulanda munthu ndalama moopseza ndi mlandu m'dziko muno, ndipo chiyambire lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, kufalitsa zithunzi zamaliseche za munthu popanda chilolezo chake ndi mlandunso. Koma musathamangire kupolisi nokha foni ili m'manja. Umboni womwewo ukhoza kukutembenukirani. Yambani mwalankhula ndi a GALZ, bungwe la anthu onga inu lomwe linakhazikitsidwa mu 1990 ndipo ofesi yake ili ku Milton Park, kapena maloya a Zimbabwe Lawyers for Human Rights. Nkhani zoopsezana zotere si zachilendo kwa iwo.

Lamulo mulidziwe bwino, chifukwa anthu oopseza amadyera pa umbuli wathu. Gawo 73 la Criminal Law (Codification and Reform) Act limaletsa amuna kugonana okhaokha ngakhale atagwirizana, kuphatikizapo kukhudzana komwe kungaonedwe ngati kosayenera. Chilango chake ndi chindapusa, kapena ndende mpaka chaka chimodzi, kapena zonse ziwiri. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amaletsanso ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha. Koma kukhala munthu wotero, kunena kuti ndinu wotero, kapena kulowa mu ofesi ya bungwe, si mlandu. Zitachitika kuti mwamangidwa, muli ndi ufulu wokhala chete, woitana loya, ndi wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48. Musasaine chikalata chomwe simunachiwerenge.

Tsopano za mayi. Tisanakambe za mawu oti munene, funso lathu ndi ili: atakuthamangitsani usiku womwewo, mukagona kuti? Nyumbayo ndi ya amalume, ndipo kwathu amalume ndiwo mwini mbumba. Mayi akhoza kukumvetsani, koma denga si lawo. Choncho konzani zinthu izi musanatsegule pakamwa. Chitupa, kalata ya kubadwa, pasipoti ngati muli nayo, ndi masatifiketi a sukulu zituluke m'nyumbamo zikakhale kwa munthu wodalirika. Ife a makolo ochokera ku Malawi tikudziwa mmene mapepala amavutira kupeza, makamaka pomwe pakufunika kuti kholo kapena wachibale akakuperekezeni ku Makombe, ku ofesi ya boma yopereka zitupa. Wachibale wokwiya sakuperekezani. Sungani ndalama za lendi ya chipinda ndi chakudya zokwana miyezi itatu, pa nambala yomwe PIN yake mukuidziwa nokha. Ndipo pakhale munthu mmodzi amene wavomera kale, ndi pakamwa pake, kuti mutha kugona kwake sabata imodzi kapena ziwiri. Ngati izi palibe, dikirani. Kudikira si kunama, ndipo simukukakamizidwa kuululira aliyense chinsinsi chanu.

Munthu woyamba kumuuza nthawi zambiri sakhala kholo. Yang'anani mchemwali, msuweni, kapena azakhali amene mwaona kale akusunga nkhani ya wina. Muyeseni kaye: tchulani nkhani ya pa wailesi kapena pa Facebook yokhudza anthu otere, mumve mmene ayankhire. Akaseka n'kutulutsa mawu onyoza aja, mwadziwa. Akati "ndi mwana wa munthu ameneyo," pamenepo pali khomo. Munthu ameneyu ndi amene adzakhale pambali panu tsiku louza mayi, komanso amene mayi adzamudandaulire mukatuluka.

Tsikulo likadzafika, likhale masana, m'nyumba mulibe alendo, inu simunamwe, ndipo simuli pakati pa mkangano. Pamaliro, pa Khirisimasi, kapena pa msonkhano wa banja ayi ndithu. Pagulu aliyense amayankha moonetsa ena kuti ndi wolimba, ndipo mayi amene akanangolira paokha amakakamizika kukukanani pamaso pa alongo awo. Mawu akhale ochepa: "Amayi, pali zomwe ndakhala ndikusunga nthawi yaitali. Ine sindidzakwatira mkazi. Mtima wanga umakonda amuna. Palibe yemwe anandiphunzitsa, ndipo inu simunalakwe paliponse." Chiganizo chomalizachi musachisiye, chifukwa funso loyamba mumtima mwa kholo limakhala "ndinalakwa pati?" Za amene muli naye pachibwenzi musatchule. Dzina lake si lanu kuti muulule.

Kenako khalani chete. Akhoza kulira, kutuluka panja kukatsuka mbale zotsuka kale, kapena kukhala masiku osakulankhulani. Inu mwakhala ndi nkhaniyi zaka, iwo aimva lero. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zoti mukanitsitse, mwaulemu koma osagwedezeka, ndi zitatu. Kukutengerani kwa mneneri kapena kwa sing'anga kuti akachotse "chiwanda": palibe pemphero lokakamiza, kusala kudya kapena mankhwala amene amasintha zimenezi, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachotsa kukonda amuna kapena akazi anzako pa mndandanda wa matenda mu 1990. Kukupezerani mtsikana kuti anthu atseke pakamwa: mudzavutika ndinu, iyeyo, ndi ana. Chachitatu ndi chija cha "apite kumudzi akaphunzire mwambo." Ku Malawi lamulo ndi lowawa kuposa kuno, chilango chimafika zaka 14, ndipo khoti linakana kulithetsa mu June 2024. Kumudzi komwe simudziwa aliyense, pasipoti ili m'thumba mwa wina, mulibe potulukira.

Za anzanu, yambani ndi bungwe osati ndi mapulogalamu a zibwenzi a pa foni. Ku GALZ kuli alangizi oti mukhale nawo pansi, ndipo amadziwa zipatala zomwe anamwino ake sakufunsani mafunso onyoza. Lembani kapena imbani kaye musanapite, popeza amasamala za amene akulowa pageti, ndipo ali ndi chifukwa: mu August 2012 apolisi anamanga mamembala 44 pa ofesi yawo. Akazi amene akuwerenga pano afunse za bungwe la Pakasipiti, a ku Bulawayo afunse za bungwe la Sexual Rights Centre. Mutu ukalemera, Friendship Bench, yomwe inayambira ku Mbare pansi pa Dr Dixon Chibanda, ili ndi agogo ophunzitsidwa kumvetsera anthu pa mabenchi a m'makiliniki, kwaulere. Si malo a anthu onga inu okha, choncho nenani zomwe mwamasuka nazo. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo, musadikire kuti kuche.

Mukakumana ndi munthu wa pa intaneti, koyamba kukhale pamalo a anthu ambiri m'tauni, masana, mnzanu akudziwa komwe muli, ndipo ndalama ya kombi yobwerera ili m'thumba lina. Onetsetsani kuti wakwana zaka 18. Chithunzi chokhala ndi nkhope ndi thupi pamodzi musatumizenso aliyense. Foni itsekedwe ndi PIN, mauthenga asamaonekere pagalasi ikalira, chifukwa zinsinsi zambiri zimaululika foni ili pa chaja pabalaza, mwana wa amalume akufuna kusewera gemu.

Mukapita kukayezetsa magazi ku New Start Centre kapena kukiliniki yomwe a GALZ angakulozereni, funsani za PrEP, mapiritsi oteteza ku HIV. Kondomu ikang'ambika, kapena wina akakugwiririrani, pali mankhwala a PEP, oteteza ku HIV ngozi itachitika kale: ayambidwe pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa.