Katochi kouma mutu musakapatse munthu wa pulayala

Achimwene, katochi ka pa makiyi kamene mukuti kauma mutu, sikakupotokoka ako, musakakakamize. Ndipo chonde musamvere ndemanga imene wina wakulemberani yoti "thirani oilo mugwire ndi pulayala". Ndaiwerenga mtima n'kundiwira, chifukwa zomwezo ndi zomwe zinapha kanga.

Kanga ananditumizira alamu anga a ku Johannesburg, ka aluminiyamu, kolowa batire imodzi ya AAA. Kanayamba kuuma pang'onopang'ono. Poyamba ndinkakayatsa ndi dzanja limodzi, kenako manja awiri, mapeto ake mpaka kukakulunga ndi malaya kuti kapotokoke. Ndinapita nako kwa mkulu wina wokonza mawayilesi ndi mafoni mumsika. Bambo ameneyu sanatulutse n'komwe batire kuti aone m'kati. Anatenga kabotolo ka oilo wakuda wa galimoto, kudonthezera pampata, kukagwira ndi mapulayala awiri, chitsulo pa chitsulo, n'kumapotokola uku akucheza ndi mnzake. Kanayaka. Anandilipiritsa K2,500 n'kunena kuti, "Bwana, apa ndiye basi, simudzabweranso."

Sipanapite nthawi yaitali kunabwera namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. A ku Blantyre mukudziwa mmene zinalili. Magetsi anali atazima, mafoni onse m'nyumba atatha moto, machesi atanyowa. Pakati pa usiku tinangomva gu! kuchipinda kwa ana. Mwana wamng'ono akukuwa, wamkulu akuitana mayi ake, mdima woti dzanja lako lomwe sukuliona. Potsika pa bedi mwendo unalowa m'madzi ozizira mpaka m'kakolo. Ndinafufuza makiyi pa msomali wa kuseri kwa chitseko, n'kukapeza katochi kaja, kupotokola, ayi ndithu kali gwa. Manja onyowa, oilo uja akuterera. Ndinakaluma ndi mano, dzino mpaka kuthetheka m'mphepete, osasuntha. Akazi anga akungoti "yatsani, bambo a ana, yatsani," ine ndili nako m'manja kanthu kamene ndinalipira kuti kakonzedwe. Sitinkadziwa ngati khoma lagwa lonse kapena mbali chabe, ngati ana ali pansi pa njerwa kapena ayi. Ndinakwawa m'madzimo, kumapapasa, ndikugunda njerwa ndi mawondo, mpaka ndinagwira mwendo wa mwana. Tinawatulutsa onse awiri ali bwinobwino, Mulungu ndi wamkulu, koma phazi langa linachekedwa ndi lata limene ndikanaliona kukanakhala kuwala ngakhale pang'ono. Khoma linagwera panja, mbali yochepa yokha ndiyo inagwera m'kati, pafupi ndi mphasa.

Zitadutsa zonsezo ndinakatsegula. Abale anga, zomwe ndinapeza! Kamphira kozungulira kaja amati O-ring kanali katafufuma ndi oilo, n'kuduka, chidutswa chake n'kulowa m'mazinga, timizere tija timene mutu umamangirapo ku thupi la tochi. Thupi la tochi silinalinso lobulungira, pulayala inali italifinya. Ndipo vuto lenileni, limene mkulu uja akanaliona akanangotsegula, linali batire yotuluka madzi, m'kati monse mutachita zoyera ngati ufa. Munthu wodzitcha katswiri, tsiku lonse ali pa benchi ndi zipangizo, osaganizako zoyang'ana batire! Nditabwerera kukamuuza, anangoti, "Zimenezi ndi zachabechabe kale, mugule ina." Osapepesa, ndalama osabweza. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Tsono inu chitani izi. Choyamba dziwani kuti kanu kamayaka kopita kuti, chifukwa si tonse tofanana. Maglite Solitaire, imene inayamba kugulitsidwa mu 1988, imayaka mukamasula mutu, pomwe tina monga Olight i3E ndi Fenix E01 timayaka mukamanga. Anthu ambiri amalimbana ndi tochi akumangitsa pomwe akuganiza kuti akumasula. Kuti muchotse mutu, dulani mphira ziwiri ku chubu chakale cha njinga, ina mukulunge kumutu, ina kuthupi, mupotokole ndi manja. Mphira imagwira kwambiri kuposa mmene mukuganizira. Kakakana, tulutsani batire ngati kuli kotulutsira kumbuyo, mukaike padzuwa pang'ono kuti girisi wakale afewe, muyesenso, kumapita uku ndi uku pang'onopang'ono.

Kakatseguka muyang'ane mazinga. Katochi ka pa makiyi kamakhala m'thumba limodzi ndi fumbi, mchenga, ulusi wa thalauza ndi thukuta, ndipo zonsezo zimakamatira pa girisi. Mukaona zakuda zonandanda, ndi aluminiyamu amene wakhala akupereseka wasakanikirana ndi girisi wouma. Tengani mswachi wakale ndi kansalu koviika mu sipiriti, mutsuke mazinga a mbali zonse ziwiri mpaka kansaluko kazituluka koyera. Kamphira kaja mukachotse ndi kamtengo ka machesi kosongola, osati singano kapena mpeni, mukapukute, mukayang'ane ngati kang'ambika, kaphwatalala kapena kakula moti kakukhwepa mu mzere wake. Kakakula sikabwereranso, pamafunika kena ka saizi yomweyo. Pongoyembekezera mukhoza kugwiritsa ntchito tochi popanda kamphirako, izipotokoka mofewa, kungoti madzi azilowa ndiponso ikhoza kumasuka yokha m'thumba mutu n'kutayika.

Mukapeza batire itatuluka madzi, werengani zomwe zalembedwa pa batireyo musanathire kanthu. Ikakhala ya alkaline, yolembedwa LR03, kapena timabatire tamabatani ta LR41 ndi LR44, zoyera zija zimachoka ndi viniga kapena madzi a ndimu. Ikakhala yotchipa ija ya zinc-carbon, yolembedwa R03 popanda L, zimene imatulutsa zimakhala za asidi, ndiye pamafunika soda wophikira wosungunula m'madzi pang'ono. Muzipaka ndi kathonje, osati kuthira, ndipo zisafike ku kabolodi ka zamagetsi kamene kali kumutu. Mukatero pukutani ndi sipiriti, muumitse bwinobwino. Zoyerazo zimaotcha khungu, musagwire m'maso musanasambe m'manja. Musaiwale kasipuling'i ka pansi ndi mlomo wa thupi la tochi, pamene chitsulo chili chosapaka utoto. Pa matochi ambiri opotokola moto umadutsa pamenepo, ndiye pakada tochi imaphethiraphethira, munthu n'kumamangitsa kwambiri kuti iyake, mazinga n'kumatha.

Za mafuta ndiye mumvetsetse. Oilo wa galimoto ayi, mwamva kale. Mafuta ophikira ayi, amaundana n'kumata pakapita nthawi. Mafuta opopera aja a WD-40 amathandiza kumasula chinthu chogwirana, koma si girisi, sakhalitsa, ndipo sagwirizana ndi mphira zina. Chofunika ndi girisi wa silicone, amene okonza mipope amapaka pa mphira za matapu, mumafunsa m'mashopu a hadiweya. Kadontho kochepetsetsa pa kamphira ndi pa mazinga, osati pa mlomo podutsa moto paja. Kamphira kanu kakakhala nako ka silicone, nthawi zambiri kofiira kapena koyera, girisi ameneyu akhoza kukafufumitsanso, ndiye mupake pang'ono kwambiri pa mazinga okha. Vaseline anthu amamuletsa chifukwa ndi wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka ngati oilo yemwe uja, ndipo n'zoona amawononga mphira zina. Koma girisi wa silicone sapezeka paliponse, ndiye ka ine katsopanoka ndimapaka Vaseline yemweyo pang'ono pa mazinga, ndipo kakuyenda bwino. Bola zimenezo kusiyana ndi kusiya zitsulo zouma zizidyana.

Pobwezeretsa mutu musafulumire. Yambani mwaupotokolera chammbuyo mpaka mumve kuti thi, mazinga akumana, kenako mumange. Mazinga a timatochi timeneti ndi aang'ono kwambiri, akangopingasana kamodzi ndiye kuuma kwake sikutha ndi girisi.

Zonsezi zikakanika, mutu wagwirana ndithu ndi madzi a batire, ndiye basi, pulayala yomweyo, palibe kuchitira mwina. Koma mukulunge mphira yochindikala kaye, mugwire pamene chitsulo chili chokhuthala, osati pakati pa thupi, ndipo batire ikhale ili m'kati kuti thupilo lisafinyike. Mukaona kuti manja anu sangathe, pitani kwa okonza mawotchi, amene anazolowera tinthu tating'onoting'ono, muime pomwepo muziona zimene akuchita.

Mabatire muzigula ochajidwa a NiMH ngati Eneloop, a 1.2V, satuluka madzi kawirikawiri. Wina asakunamizeni kuti muike ya lithium ya 10440 poti ndi yofanana kukula ndi AAA, imeneyo ndi ya 3.7V, ikhoza kuotcha tochi yopangidwira 1.5V. Mukakatsegula jambulani mazinga, kamphira ndi batireyo muike m'gulu muno, tikuuzani ngati n'koyenera kulimbana nako.