Zilembo zokongola za pa khadi zapita kuti?

Mayi wina wa ku Matawale wandilembera imelo. Anakonza khadi la chinkhoswe cha mwana wawo pa kompyuta ya kunyumba, zilembo zake zopindika bwino ngati zolemba pamanja. Atapita nalo pa flash kukasindikiza m'tauni, zinatuluka zilembo wamba, mayina atadumphira pa mzere wina. Akufunsa ngati ndi virus.

Si virus amayi. Fonti yanu, kutanthauza mtundu wa zilembo umene munasankha, inatsala kunyumba.

Fonti ndi fayilo payokha, ndipo pa Windows nthawi zambiri imakhala mu C:\Windows\Fonts. Chikalata cha Word nthawi zambiri chimangonyamula dzina la fontiyo. Kompyuta ya kumalo osindikizira ikaifunafuna osaipeza, imaikapo ina iliyonse popanda kufunsa. Popeza zilembo zimasiyana kunenepa, mizere imasokonekera.

Mafayilo ambiri mmenemo amathera ndi .ttf. Imeneyo ndi TrueType, yomwe Apple inatulutsa mu 1991, Microsoft n'kuilowetsa mu Windows 3.1 mu 1992. Ya .otf ndi OpenType, ya Microsoft ndi Adobe, yolengezedwa mu 1996, ndipo imatha kunyamula tizokongoletsa tochuluka. Pa ntchito ya kunyumba musavutike kusankha, zonse zimagwira pa Windows ndi pa Mac. Koma munthu akakupatsani zakale zothera ndi .pfb, zomwe ndi PostScript Type 1, zisiyeni. Eni ake a Adobe anazitaya mu Januwale 2023.

Za maonekedwe ndinene pang'ono. Times New Roman, imene ophunzira a ku Chanco amaidziwa ngati nsima, ili ndi timapazi kumapeto kwa zilembo, zomwe amati serif. Arial ilibe. Yopindika ija ndi ya mayina a akwati basi. Malo ndi nthawi muzilembe ndi yowerengeka, agogo asasochere.

Tsono chochita ndi ichi. Musanachoke pakhomo, sungani khadilo ngati PDF, zilembo zimapita nazo limodzi. Ngati osindikiza afunika kukonzapo, mu Word lowani pa File, Options, Save, muchonge "Embed fonts in the file" kuti fontiyo ilowe m'chikalatamo, ngakhale mafonti ena eni ake anawatsekera zimenezi.

Chinanso, mafonti ambiri aulere a pa intaneti alibe ŵ wathu uja. Mu Word lembani 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi. Pakatuluka kabokosi kapena chilembo chosiyana ndi zinzake, ndiye kuti fontiyo siingalembe Malaŵi.