Msewu ndi wa pakhomo panga, nanga chilolezo chokumbira n'cha chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zolemba zangazi. Paipi yaikulu ya madzi inadutsa tsidya lina la msewu, nyumba yawo ili tsidya lino, ndiye kuti madzi afike pakhomo payenera kukumbidwa ngalande yodula msewuwo. Ku khonsolo ya mzinda anawauza kuti alembe fomu, abweretse chojambula cha pomwe akufuna kukumba, alipire chilolezo, asiyenso chikole. Munthu amene anamupeza kuti akumbe wawanong'oneza kuti zonsezo n'kutaya nthawi, iye akhoza kukumba Loweruka usiku, kukamacha atakwirira kale. Funso lawo n'lakuti: "Kodi khonsolo sikungofuna ndalama? Msewu wake ndi wa pakhomo panga, ngalande yake ndi ya mamita 6 okha."

Bambo, tiyambe ndi mawu oti "pakhomo panga". Malo anu amathera pa malire a puloti. Kuchokera pamenepo mpaka kukafika pa malire a anzanu a tsidya linalo, ponsepo ndi pa msewu: phula, ngalande ya madzi a mvula, poyenda anthu apansi, ngakhale kapinga amene mumatchetcha nokha uja. Kusesa malo sikuwasandutsa anu. Mpata umenewu anausiya dala, chifukwa mzinda ulibenso kwina kodutsitsa mitsempha yake. Pansi pake pali mapaipi a madzi akumwa, mapaipi a zonyansa, nthambo za magetsi, za foni ndi intaneti, ndipo m'mizinda yambiri mulinso mapaipi a gasi. Aliyense anaika zake pa nthawi yake, ena zaka makumi angapo zapitazo, ndipo mapu awo nthawi zambiri sagwirizana ndi zomwe piki imakumana nazo.

N'chifukwa chake chilolezo chimachedwa: eni zinthuzo ayenera kufunsidwa kaye. Ku United States anachita kupatula nambala ya foni, 811, yomwe inayamba kugwira ntchito dziko lonse mu 2007. Munthu amaimba kudakali masiku angapo, kenako eni mapaipi ndi nthambo amabwera kudzalemba pansi ndi penti: wofiira ndi magetsi, wachikasu ndi gasi, wabuluu ndi madzi akumwa, wobiriwira ndi zonyansa, wa olenji ndi foni ndi intaneti. Wokumbayo amalemba ndi woyera pomwe akufuna kudutsa. Akayandikira mzere wa penti, makina amaima, anthu n'kuyamba kufukula ndi fosholo pang'onopang'ono.

Mwina muti fosholo ingawononge chiyani. Mu March 2011 anthu ambiri ku Armenia anakhala maola angapo opanda intaneti, ndipo apolisi a dziko loyandikana nalo la Georgia anati nthambo inadulidwa ndi mayi wa zaka 75 amene ankakumba kufunafuna mkuwa woti akagulitse. Choopsa kwambiri ndi chilonda chosaoneka tsiku lomwelo. Ku Ghislenghien, m'dziko la Belgium, makina a omanga anakanda paipi yaikulu ya gasi pamalo a mafakitale, paipiyo n'kukhalabe ikugwira ntchito kwa masabata. Inaphulika pa 30 July 2004, anthu 24 anafa, oposa 100 anavulala. Wokumba wa usiku akagunda chinachake ndi piki, mukuganiza kuti adzakudzutsani? Adzangothira dothi.

Komabe pamene ndikufuna tikhalitsepo si pokumba ayi. Kukumba aliyense amatha. Chimene khonsolo ikulondera kwenikweni ndi kukwirira.

Msewu wa phula umaoneka ngati chinthu chimodzi, koma ndi zinthu zosanjikiza. Pansi pali dothi lotsenderedwa, pamwamba pake miyala yophwanya yotsenderedwanso ndi makina olemera, ndipo phula ndi khungu chabe loteteza kuti madzi asalowe. Dothi likakumbidwa limafufuma. Yesani kukumba dzenje n'kubwezeramo dothi lomwelo, muona kuti lina latsala, kapena pachita kamulu. Kamulu kameneko ndi mpweya umene watsekeredwa mkati, ndipo udzatuluka ndithu, kaya ndi mvula kaya ndi matayala a galimoto. Okonza bwino amathira dothi lochepa, mwina masentimita 15 kapena 20, n'kulitsendera ndi makina, kenako kuthiranso lina, mpaka kufika pamwamba. Phula amalidula ndi sowo kuti m'mbali mukhale mowongoka, ndipo chigambacho amachikulitsa kuposa ngalandeyo kuti chikhale pa nthaka yolimba mbali zonse. Ntchito yotereyi siitheka ndi tochi usiku umodzi.

Ndinazionapo ndi maso pa msewu umene ndinkadutsa tsiku ndi tsiku. Kampani ina inadula msewu kuika nthambo, anyamata ake n'kukankhira dothi lonse m'ngalande kamodzi, kupondaponda ndi nsapato, kupaka phula pamwamba. Sabata yoyamba panali posalala, moti ndinawayamikira mumtima. Mvula itagwa kawiri, chigamba chija chinatitimira pafupifupi chikhatho chimodzi, m'mphepete mwake munang'aluka ngati milomo ya m'chilimwe. Madzi ankaima mmenemo, galimoto iliyonse ikagunda n'kumwaza timiyala. Pofika kumapeto kwa mvula dzenje linali litadya mbali yonse ya msewu, oyendetsa akulizemba polowera mbali ya anzawo. Kampaniyo inali itapita kalekale.

Chikole chimene akukuuzanicho chabadwira pamenepa. Ngalande yokwiriridwa mwachinyengo siulula msanga, choncho mzinda umasunga ndalama yanu mpaka nyengo itayesa ntchitoyo. Ku England, pansi pa lamulo la 1991 lokhudza ntchito za m'misewu, wokumba amakhala ndi udindo pa chigamba chake kwa zaka 2, ndipo ngati anakumba mozama kuposa mita 1.5 zimakhala zaka 3. Pakatitimira, amabwerera kudzakonza ndi ndalama zake. Popanda lamulo lotere, amene amalipira ndi aliyense wokhoma msonkho, kuphatikizapo amene madzi anuwo sadzamwako n'kamodzi komwe.

Ngakhale chigamba chabwino chimafupikitsa moyo wa msewu, pakuti mzere uliwonse wodulidwa ndi khomo la madzi. Mizinda ina imaletseratu kudula msewu wongothiridwa kumene phula pokhapokha patagwa ngozi. Ku San Francisco chiletsocho ndi cha zaka 5. Ku London, kuyambira mu 2012, makampani okumba m'misewu yodutsa magalimoto ambiri pa nthawi yotanganidwa amalipira tsiku lililonse limene atsekereza njira, ngati lendi. Ine lamulo limenelo ndimalikonda, chifukwa ngalande yosiyidwa yasamu kwa mwezi wathunthu siwawa mwini wake mpaka itayamba kumudya m'thumba.

Sindikuti kudandaula kwanu n'kopanda pake. Makhonsolo ambiri amalimba mtima ndi munthu wamba wa paipi imodzi, koma makampani akuluakulu akang'amba misewu amangoyang'ana kumbali. Chikole chimalowa mosavuta, potuluka chimafuna maulendo. Zimenezo n'zoona ndipo n'zonyansa. Koma mankhwala ake ndi kuumirira kuti akulembereni papepala tsiku lodzayendera ntchito ndi tsiku lobweza ndalama, osati kukumba mobisa.

Musanalipire chilichonse, funsani kaye a madzi ngati kudutsitsa paipi pamsewu si ntchito yawo. M'malo ambiri paipi yochokera pa yaikulu kukafika pa mita yowerengera madzi ndi yawo, ndipo chilolezo amatenga okha. Funsaninso za kuboola pansi pa msewu osadula phula: amakumba dzenje mbali iyi ndi lina mbali inayo, makina n'kulasa pansi. Kumeneko nakonso chilolezo chimafunika, popeza makinawo alibe maso, koma msewu sutsekedwa ndipo chigamba palibe. Paipi yanu ilowe m'kati mwa paipi ina yokulirapo, kuti tsiku lina ikadzabooka mudzangoisolola osakumbanso. Jambulani zithunzi za msewu ntchito isanayambe, ming'alu yakale isadzakhale yanu. Ndipo muonetsetse kuti pa chilolezo palembedwa dzina la ndani, chifukwa wolembedwayo ndiye adzayankhe munthu wa njinga akagweramo usiku pamalo opanda chotchinga kapena nyali.

Ngalande yanu mwina siifika mita imodzi kuya kwake, koma ikapitirira, musalole munthu kulowamo makoma ake osachirikizidwa. Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limalemera kuposa tani, ndipo likagumuka silichenjeza. Malamulo a ku United States amafuna chotetezera kuyambira pa mita 1.5, komanso kuti dothi lofukulidwa liunjikidwe masentimita 60 kutali ndi m'mphepete.

Za mnzanu wa Loweruka usikuyo, taganizani za Lolemba m'mawa. Iye adzakhala atalandira zake, foni yake mwina yosapezekanso. Pamsewu padzakhala mzere wa dothi lofiira wochokera pa paipi yaikulu, wowongoka bwinobwino, wokathera pa geti panu. Woyendera misewu wa khonsolo sadzavutika n'kufunsa kuti wakumba ndani.