Hot dog ya m'tauni ya Mzuzu: funsani za soseji musanalipire

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Chibavi. Ndaidula pang'ono, koma mfundo zake ndi izi:

"Ana anga awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 3, akhala akundikakamiza kuti ndiwagulire hot dog yomwe amaona pa TV. Mwezi watha ndinawagulira pa kalesitilanti kena m'tauni. Soseji inali yopsa bwino kunja koma m'kati munali zii, buledi anali wonyowa, ndipo wamkuluyo anachezera kutsegula m'mimba. Kodi malo abwino ndingawadziwe bwanji? Ineyo ndine woyembekezera, ndingadye nawo? Komanso apongozi anga akuti dzinalo likunena nyama ya galu, ndiye sakufuna n'kumva komwe."

Zikomo mayi. Apongozi auzeni mtima ukhale m'malo, mulibe galu m'menemo. Ndi dzina chabe lomwe anthu a ku America anapatsa soseji yoikidwa m'kati mwa buledi wautali. Sosejiyo inapita kumeneko ndi anthu ochokera ku Germany m'zaka za m'ma 1800, n'chifukwa chake pamapaketi mumaona mawu oti frankfurter kapena vienna, maina ochokera ku mizinda ya Frankfurt ndi Vienna. Ku New York inatchuka ngati chakudya cha m'mbali mwa msewu. Nathan Handwerker anatsegula kamalo kake ku Coney Island mu 1916 n'kumagulitsa imodzi pa masenti 5. Ndiye kuchepa kwa lesitilanti si mlandu, hot dog inakulira m'malo ngati omwewo. Nkhani yagona pa momwe soseji yasungidwira ndi momwe yatenthetsedwera.

Mu Mzuzu muno mukaitanitsa hot dog mutha kupatsidwa soseji ya mtundu uliwonse mwa itatu, ndipo wogulitsa sakuuzani pokhapokha mutafunsa. Yofala ndi vienna, yowonda, yapinki kapena yofiira, m'kati mwake mosalala ngati polony. Imeneyi imachoka kufakitale itaphikidwa kale, imangofuna kutenthetsedwa mpaka pakati. Ina ndi russian, yonenepa, yofukizidwa utsi, yamafuta ndi adyo. Nayonso ndi yophika kale, koma kunenepa kwakeko kumafuna nthawi yochulukirapo pamoto. Yachitatu ndi soseji ya ku butchala, yomwe ndi nyama yogaya yaiwisi yoikidwa m'kachikopa. Iyi ikaphikidwa mothamanga ndiye mwadya nyama yosapsa basi.

Zomwe mwafotokozazo zikufanana ndi soseji yomwe yatulutsidwa mufiriza ili gwa n'kuponyedwa m'chiwaya cha tchipisi. Mafuta okazingira tchipisi amatentha pafupifupi madigiri 170 mpaka 180. Pakangotha mphindi ziwiri kunja kwa soseji kwafiira, wophika akuona ngati zatheka, pomwe pakati pangosungunuka kumene. Akaisiya kuti pakati patenthe, kunja kumapserera n'kung'ambika. Njira zonse ziwirizi wogula ndiye amaluza.

Wodziwa ntchito amachita zosiyana. Masoseji a mawa amawachotsa mufiriza madzulo n'kuwaika mufiriji kuti asungunuke pang'onopang'ono usiku wonse. Kasitomala akabwera, amawiritsa madzi m'kapoto, n'kuchepetsa moto mpaka madzi asiye kubwata, azingotulutsa nthunzi ndi timathovu tapansi. Vienna imakhala m'madzi amenewo mphindi 5 mpaka 7. Kenako amaivuula, kuidontheza madzi, n'kuigudubuza pa pani ya mafuta pang'ono mphindi imodzi kapena ziwiri kuti khungu lithetheke mukaluma. Madzi obwata kwambiri amaiphulitsa, chifukwa nthunzi ndi mafuta a m'kati zimafufuma msanga kuposa momwe khungu lingapirire, ndipo ikang'ambika kukoma konse kumathera m'madzi. Mukaona poto wodzaza masoseji ong'ambika, otuwa, akuyandama m'madzi amafuta, dziwani kuti akhalamo kuyambira m'mawa.

Russian amaitema timizere titatu kapena tinayi mopingasa kuti kutentha kulowe, n'kuikazinga pa moto wapakatikati mphindi 6 mpaka 8 akuitembenuza. Ya ku butchala imafuna mphindi 15 mpaka 20 pa makala omwe asiya kulilima, ndipo saiboola ndi foloko chifukwa msuzi wake umadonthera pamoto, moto n'kubuka n'kuidetsa. Ngati mwaitanitsa imeneyi ndipo yafika patebulo pasanathe mphindi zisanu, mwina ndi yaiwisi m'kati, apo ayi inaphikidwa kalekale angoitenthetsanso. Ithyoleni pakati muone. Iyenera kutulutsa nthunzi ndi msuzi woyera, osati wofiira. Koma pa vienna ndi russian mtundu usakunamizeni. Mumakhala mankhwala osungira nyama otchedwa nitrite omwe amaisiya yapinki ngakhale itapsa chotani, choncho mboni yake ndi nthunzi ndi kutentha kwa pakati.

Tsopano za kasungidwe, pomwe ndikuona kuti malo ambiri ang'onoang'ono amagwera. Lamulo la a zaumoyo ndi lakuti chakudya chozizira chikhale pansi pa madigiri 5, chotentha chikhale pamwamba pa madigiri 60, ndipo chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndi pomwe tizilombo timaswana. Ndiye taganizirani kabokosi kagalasi kaja kamakhala pakauntala, kokhala ndi babu limodzi m'kati, momwe mumakhala masamusa, masoseji ndi zidutswa za nkhuku. Babulo limafunditsa chabe, silifika pa 60. Soseji yomwe yalowamo 10 koloko m'mawa ikamafika 3 koloko masana yakhala maola asanu pa kutentha komwe tizilombo timakukonda. Imakhala yokwinyika, youma kumapeto, mafuta atauma pa thireyi.

Kuno kuli msampha wina. Mu Juni ndi Julayi, chifunga chikatseka Katoto ndi Luwinga m'mawa anthu atavala majuzi awiriawiri, ogulitsa ena amaganiza kuti kunja kwasanduka firiji, n'kusiya paketi yotsegula pashelefu tsiku lonse. Kuzizira kwa Mzuzu kumalowa m'mafupa, inde, koma masana sikutsika kufika pa madigiri 5. Soseji imaonongeka ndithu, kungoti mochedwerapo kusiyana ndi mu Okutobala.

Onjezanipo kuthimathima kwa magetsi. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, firiza yodzaza imatha kupirira masiku awiri, yosadzaza tsiku limodzi. Koma ya mulesitilanti imatsegulidwa mphindi iliyonse potulutsa zakumwa. Masoseji akasungunuka n'kuundananso amasiya zizindikiro: madzi apinki oundana pakona imodzi ya paketi, masoseji omatana chigulu, kapena paketi yotukumuka ngati mwalowa mpweya. Yonanda m'manja kapena yonunkha mosasa ndi yotaya, kuitsuka sikuthandiza. Paketi ikatsegulidwa iyenera kutha pasanathe sabata ili mufiriji.

Choncho pemphani kuona paketi. Musachite manyazi, mwangonena kuti, "Achimwene, tandionetsani masoseji mukugwiritsa ntchitowo." Wosunga bwino amatulutsa mosavuta. Paketiyo ikuuzani tsiku lothera ntchito, ikuuzaninso nyama yake, nkhani yofunika kwa Asilamu, a Seventh Day ndi ena osadya nkhumba, chifukwa ma vienna ndi ma russian ambiri amasakaniza nkhumba ndi nkhuku kapena ng'ombe. Ngati ndi yopangidwa m'dziko muno yang'anani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Pakhoma payeneranso kukhala chiphaso cha khonsolo ya mzinda.

Nthawi yopitira nayo ndi nkhani. Pitani pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko masana, pamalo pomwe anthu akulowa ndi kutuluka, monga kufupi ndi depoti kapena mbali ya Luwinga ophunzira a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) akakhala pa sukulu. Pomwe malonda akuyenda soseji sigona. Malo okongola koma opanda anthu, omwe hot dog amagulitsa ziwiri patsiku, ndi omwe paketi imatha milungu itatu ili chitsegulire. Ndipo nenani poitanitsa kuti mukufuna yophika pompo, mudikira. Mphindi khumi zodikirazo n'zabwino kusiyana ndi kuchezera kuchimbudzi.

Za buledi wonyowa uja zifukwa zake n'zodziwika. Soseji inaikidwa isanadonthe madzi kapena mafuta, tomato wodula anaikidwa pansi, kenako zonse zinakulungidwa mu jumbo zili zotentha, nthunzi n'kubwerera m'buledi. Banzi loyenera ndi lalitali, la masentimita 15 kapena kuposerapo pang'ono, lofewa, losatsekemera kwambiri. Amalicheka mbali imodzi osalilekanitsa, kupaka majarini pang'ono m'kati, n'kuligoneka chafufumimba pa pani yotentha kwa theka la mphindi mpaka mphindi imodzi. Kukhwima kwa m'katiko ndi komwe kumatchinga msuzi kuti usalowerere. Malo ena akasowa banzi lalitali amadula soseji pakati n'kuika mu banzi la Obama kapena m'sikono. Obama amachulukitsa buledi moti mumaluma kawiri musanakumane ndi nyama, pomwe shuga wa sikono sagwirizana ndi mchere wa soseji. Si zoopsa, koma musalipire mtengo wa hot dog pa zimenezo.

Zothira pamwamba ndi pomwe mwana wanu angakhalenso atapezera vuto, osati pa soseji pokha. Kabichi wosaphika wodulidwa m'mawa, wotsukidwa ndi madzi osathira mankhwala, wosakaniza ndi mayonezi n'kukhala m'beseni pamtunda mpaka madzulo, amatsegula m'mimba mosavuta. Amene anaona mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 akudziwa kuti saladi wa m'njira si wongodya mwachisawawa, makamaka nthawi ya mvula. Yang'ananinso manja: amene akulandira ndalama ndi yemwenso akugwira buledi? Pali chopanira kapena akutola ndi zala? Mabotolo a tomato sosi nawo ayang'aneni kukamwa. Akakhala ndi zouma zakuda pachivundikiro, kapena zam'katimo zikutuluka ngati madzi, ndiye kuti amangothiramo zina pamwamba pa zakale n'kusungunula ndi madzi.

Kwa ine chothira chabwino kuposa zonse ndi anyezi wokazinga pa moto wochepa mphindi 10 mpaka 15 mpaka afewe n'kuyamba kutsekemera. Wapsa, ndi wotentha, ndipo amagwirizana ndi soseji iliyonse. Onjezani masitadi ngati alipo (amapangidwa kuchokera ku njere za mbewu ya mtundu umodzi ndi mpiru wathu womwewu), ndi kadontho ka Nali kapena kambuzi kwa akuluakulu. Ku Chicago amathira masitadi, anyezi, tomato, nkhaka zoviika mu viniga ndi tsabola, koma tomato sosi amamukana kwamtuwagalu. Ife kuno timathira zonse mpaka soseji osaoneka, ndipo wogulitsa soseji yotsika amakondwa nazo chifukwa zimabisa. Lumani kaye kansonga kopanda chilichonse. Yabwino imalimba pang'ono pa mano ndipo imamveka nyama ndi utsi. Yodzaza ufa ndi soya imaphwanyika ngati mkate ndipo imangomveka mchere.

Funso la inuyo mayi ndi lofunika kuposa onsewa. Nyama zophikiratu monga vienna ndi polony zimatha kukhala ndi kachilombo kotchedwa Listeria, komwe kamaswana ngakhale mufiriji. Munthu wamphamvu mwina angomva ngati chimfine, koma kwa woyembekezera kamatha kuchititsa kuti apite padera kapena mwana abadwe akudwala. Ku South Africa mu 2017 ndi 2018 anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira, kuphatikizapo makanda ochuluka, gwero lake litapezeka kuti ndi polony ya kufakitale ina ku Polokwane. Maiko ena a m'chigawo chino cha Africa, kuphatikizapo Malawi, analetsa nyamazi kulowa pa nthawiyo. Kutentha kumapha kachilomboka. Mutha kudya ngati soseji yatenthetsedwa mpaka madigiri 74 pakati, kutanthauza kuti mukaithyola ikufuka nthunzi ndipo simungailume nthawi yomweyo. Ya m'kabokosi kagalasi ayi, kabichi wosaphika ndi mayonezi wa pamtunda ayi. Mukamva kutentha thupi ndi kuphwanya m'thupi, ngakhale patapita milungu ingapo, pitani kusikelo mukawauze zomwe munadya.

Wa zaka 3 uja musamupatse soseji yathunthu kapena yodula mozungulira ngati ndalama zachitsulo. Kukula kwake n'kofanana ndi kholingo la mwana, ndipo ikatsamwa imatseka ngati chitsekerero cha botolo. Ing'ambeni m'litali kanayi, kenako muduledule tizidutswa, adye atakhala pansi inu mukuona. Theka limukwana, poti mchere umachuluka m'masoseji. Bungwe la World Health Organization linanenanso mu 2015 kuti kudya nyama zotere tsiku ndi tsiku kumaonjezera chiopsezo cha khansa ya m'matumbo, ndiye ikhale ya mwa apo ndi apo, osati ya m'bokosi la kusukulu m'mawa uliwonse. Mwana akatsegulanso m'mimba mupatseni Thanzi ORS msanga, ndipo mukaona magazi, kutentha thupi kapena chimbudzi chonga madzi a mpunga, thamangani naye kuchipatala.

Ngati mukugula kuti mukadyere kunyumba ku Chibavi, auzeni akulunge soseji payokha ndi buledi payekha, m'pepala osati mu jumbo, ndipo asathiremo chilichonse. Mukafika igudubuzeni pa pani mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka ifuke nthunzi, muwambe banzi, anyezi mukazinge nokha. Apongozi apatseni paketi awerenge okha zomwe zalembedwapo asanalawe.