Malonda a tsiku ndi tsiku mu PostgreSQL: yambani ndi kalendala

Achimwene, mwati muli ndi mashopu 10, iliyonse imatulutsa malisiti pafupifupi 500 patsiku, zonse zimagwera mu database ya PostgreSQL, ndipo mwatopa ndi kukokera manambala mu Excel Lolemba lililonse. Mukufuna kuti avareji ya masiku 7, kufananiza ndi chaka chatha komanso kulosera za mwezi wamawa zizichitikira mu database momwemo. Ndiye mukufunsa ngati muike TimescaleDB (chowonjezera cha PostgreSQL chothandiza pa deta yotsata nthawi) kapena musamukire ku InfluxDB (database ina yopangidwira deta yotere).

Musasamuke. Mukawerengetsera, mizere yanu ndi 1,825,000 pachaka, ndipo katundu ameneyo PostgreSQL imanyamula osatuluka thukuta, bola kolamu ya nthawi ikhale ndi index (kalozera wothandiza kupeza mizere msanga). Komanso malonda anuwo amafunika kulumikizidwa ndi tebulo la katundu, la mitengo ndi la mashopu, ntchito imene relational database inapangidwira. Chimene chingakupwetekeni ndi masiku osowa ndi nthawi yolakwika, ndiye ndikhalitsa pamenepo.

Choyamba pangani tebulo la kalendala: tsiku lililonse mzere wake, kaya shopu inagulitsa kapena ayi. Function ya generate_series ikupangirani masiku a zaka zingapo kamodzin'kamodzi. Mukatero phatikizani kalendalayo ndi mndandanda wa mashopu, kenako mukokere malonda ndi LEFT JOIN, imene imasunga tsiku lililonse ngakhale lilibe malonda. Chifukwa chake nachi. Tinene kuti shopu ina sinatumize kalikonse Lachitatu chifukwa netiweki inadula. Mu tebulo la malonda mulibe mzere wa Lachitatu ngakhale umodzi. Inu mukalemba LAG (function yotenga nambala ya mzere wam'mbuyo) kuti ibwerere mizere 7, mukuganiza kuti mukufananiza Lachisanu lino ndi Lachisanu la sabata yatha, pamene SQL yadumpha dzenje lija n'kukafika pa Lachinayi. Palibe error imene ituluke. Lipoti lidzaoneka laukhondo, abwana adzalikhulupirira, n'kuitanitsa katundu potsatira nambala yabodza. Vuto lomweli lilinso pa avareji yoyenda mukagwiritsa ntchito ROWS, chifukwa ROWS imawerenga mizere, siidziwa masiku. Kuyambira PostgreSQL 11, yomwe inatuluka mu 2018, mukhoza kulemba RANGE BETWEEN INTERVAL '6 days' PRECEDING AND CURRENT ROW, ndipo zenera lanu (gawo limene avareji ikuwerenga) lidzayeza masiku enieni a pa kalendala.

Dzenjelo mukaliona, musathamangire kuthiramo ziro. Shopu imene inatseka pa Khrisimasi inagulitsadi ziro. Shopu imene makina ake sanatumize inagulitsa ndithu, kungoti nambala sinafike, ndipo imeneyo ikhale NULL, kutanthauza kuti nambala siikudziwika. AVG, function ya avareji, imadumpha NULL koma ziro imamuwerengera, choncho mukasokoneza ziwirizi avareji ya sabata yonse idzatsika popanda chifukwa. Ine ndimakonda kuika kolamu yaing'ono yonena kuti tsikulo shopu inali yotsegula, yotseka, kapena sinamveke. Mu kalendala momwemo lembaninso maholide ndi masiku a kumapeto kwa mwezi pamene anthu alandira, popeza mudzawafuna polosera.

Nkhani yachiwiri ndi ya ola. Sungani nthawi ngati timestamptz, mtundu wa kolamu umene umaganizira kusiyana kwa maola pakati pa mayiko. Mkati mwake PostgreSQL imasunga UTC (nthawi yoyendera dziko lonse lapansi), ndipo ife tili maola awiri patsogolo chaka chonse, sitisuntha wotchi ngati ku Ulaya. Seva ikakhala pa UTC, ngati mmene ambiri obwereka pa intaneti amakhalira, date_trunc, function yogawa nthawi m'masiku kapena m'miyezi, idzadula tsiku pa 2 koloko m'bandakucha kwathu kuno. Ngati muli ndi shopu ya pa filing'i siteshoni yotsegula usiku wonse, buledi wogulidwa 1 koloko usiku wa pa 1 mwezi adzalowa m'mwezi wathawo, ndipo aakaunti adzakufunsani chifukwa chake manambala anu sakugwirizana ndi awo. Musanadule tsiku muzilemba AT TIME ZONE 'Africa/Blantyre' nthawi zonse. Sunganinso nthawi ziwiri pa lisiti lililonse: imene katundu anagulidwa ndi imene mzerewo unafika pa seva. Netiweki ikabwerera, malonda a dzana amafika lero.

Kuchedwa kumeneku ndi kumene kukuuzeni kamangidwe ka ntchito ya usiku. Pangani tebulo lachidule, mzere umodzi pa shopu, pa katundu, pa tsiku. Usiku uliwonse function imodzi iziwerengeranso masiku angapo apitawa, mwina 7, osati dzulo lokha, n'kulemba ndi INSERT ... ON CONFLICT DO UPDATE kuti ngakhale itathamanga kawiri zotsatira zisasinthe. Poiyambitsa gwiritsani ntchito pg_cron (yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika mkati mwa PostgreSQL) ngati seva yanu ikulola, apo ayi cron wamba ndi psql zikukwanira. Materialized view (zotsatira za query zosungidwa ngati tebulo) ndi yosavuta poyambira, koma REFRESH iliyonse imawerenganso mbiri yonse kuchokera pachiyambi, choncho zaka zikamachuluka mudzaimva kulemera. Malipoti onse aziwerenga tebulo lachidulelo. Za partitioning (kugawa tebulo lalikulu m'zidutswa), imene inabwera bwinobwino mu PostgreSQL 10, ndi BRIN index (index yaing'ono ya matebulo aakulu kwambiri), zisiyeni kaye mpaka tsiku limene EXPLAIN ANALYZE, yoonetsa mmene query ikuyendera, idzakuonetseni kuti pakufunika.

Pofananiza ndi chaka chatha, bwererani masiku 364, osati 365. Masiku 364 ndi masabata 52 ndendende, ndiye Loweruka limakumana ndi Loweruka linzake. Mukabwerera 365, Loweruka lodzaza anthu mulifananiza ndi Lachisanu. Isitala ndi Eid zimasuntha chaka ndi chaka (Eid imafulumira ndi masiku pafupifupi 11), n'chifukwa chake ndinati maholide alembedwe mu kalendala. Ndipo chonde, musayang'ane ndalama zokha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Mzere wa ndalama ukhoza kukwera mokongola pamene mapaketi a shuga otuluka pa shelefu akuchepa. Sungani kuchuluka kwa katundu pambali pa ndalama, ndipo kulosera kwanu kuzikhala pa katunduyo, popeza ndi amene mumaitanitsa.

Pa kuloseraku ndi pamene ndikusiyana nanu pang'ono. Database ichite zokonza, zophatikiza ndi mawerengedwe osavuta; regr_slope ndi corr zilimo kale ngati mukungofuna kuona kumene malonda akulowera. Koma ma model (njira za masamu zolosera) monga ARIMA kapena exponential smoothing achitikire kunja kwa database, mu R ndi package ya forecast ya Rob Hyndman, kapena mu Python ndi statsmodels. N'zoona kuti PL/Python, yolemba Python mkati mwa PostgreSQL, ilipo, komanso Apache MADlib ili ndi ARIMA mkati mwa database. Koma PL/Python imafuna mphamvu za superuser (mkulu wa database yonse), obwereketsa maseva ambiri sailola, ndipo simungafune kuti model yolemera izilimbirana memory ndi makina a kashiya masana. Script yaing'ono iziwerenga tebulo lachidule usiku, n'kubweza zolosera zake mu tebulo lina. Mzere uliwonse ukhale ndi tsiku limene ukulosera, tsiku limene unapangidwa, ndi dzina la model. Zakale musamafufute, chifukwa ndi zimene zidzakuthandizeni kuona pakatha miyezi itatu ngati model ikulondola kapena ikungolota.

Musanakhulupirire model iliyonse, ipikisaneni ndi kulosera kosavuta kwambiri: Lachiwiri likubwerali tigulitsa monga tinagulitsira Lachiwiri lathali. Kumeneku ndi LAG imodzi pa kalendala yanu yodzaza ija. Model imene ikulephera kuposa apo siyenera kulowa mu lipoti. Dziwaninso kuti nyengo za pachaka, monga malonda kukwera anthu akakolola n'kutsika miyezi ya njala, model singaziphunzire pa deta ya chaka chimodzi. Pamafunika zaka ziwiri zathunthu kapena kuposa. Ngati mulibe, khalani kaye pa kasinthidwe ka pa sabata ndi ka kumapeto kwa mwezi.

TimescaleDB ndi yabwino ndithu, ndipo time_bucket_gapfill ndi continuous aggregates zake zimachita zambiri mwa zimene ndafotokozazi. Ndi extension ya PostgreSQL yomweyo, ndiye mukadzayamba kulandira manambala a masensa a mafiriji mphindi iliyonse, mudzaiika osataya SQL yanu. Pakadali pano titumizireni zimene SELECT version() ikuonetsa ndi makolamu a tebulo lanu la malonda, makamaka mtundu wa kolamu ya nthawi, tilembere limodzi query ya kalendalayo.