Ultrasound yapeza chotupa pa impso, nanga CT ndi yachiyaninso?

Mlongo wanga, pepani ndi matenda a bambo. Mwafunsa kuti popeza ultrasound yaonetsa kale chotupa pa impso yawo, bwanji dokotala akuwatumizanso ku CT scan, kodi si kungofuna ndalama? Ayi, apa dokotala sanalakwe.

Ultrasound ndi yabwino poyambira: ndi yotchipa, ilibe radiation, ndipo imasiyanitsa bwino thumba la madzi, lomwe amati cyst, ndi chotupa cha mnofu. Timatumba tamadzi totere timapezeka mwa anthu ambiri opitirira zaka 50 ndipo sitivuta. Likanakhala thumba wamba, bwenzi atawauza kuti kazipitani kunyumba. Ndiye kuti aona mnofu wolimba, kapena thumba la khoma lokhuthala lokhala ndi zigawo mkati. Izi sizikutanthauza kuti ndi khansa, chifukwa ngakhale chithupsa cha mafinya chimatha kuoneka choncho.

Chimene CT imayankha ndi ichi: kodi magazi amalowa m'chotupacho? Amajambula kaye popanda mankhwala, kenako amabaya contrast, mankhwala othandiza kuti ziwalo zioneke bwino pachithunzi, m'mtsempha wa pamkono n'kujambulanso. Mnofu wamoyo umamwa mankhwalawo n'kuwala pachithunzi, pomwe madzi amakhala momwemo. Kuwalako amakuyeza ndi manambala otchedwa Hounsfield, ndipo akakwera ndi 20 kapena kuposa, madokotala amachiganizira kwambiri kuti ndi khansa. N'chifukwa chake ndikuti musalole CT yopanda contrast pofuna kupulumutsa makwacha. Mudzalipira kawiri. Pepala la dokotala lilembe momveka kuti akufuna CT ya impso ya contrast.

CT yomweyo ikapeza mafuta mkati mwa chotupa, nthawi zambiri chimakhala angiomyolipoma, chomwe si khansa. Likakhala thumba, pa lipoti mudzaona mawu akuti Bosniak, dzina la dokotala wa ku New York amene anakonza magulu amenewa mu 1986. Bosniak I ndi II sawopsa, IIF amangoilondola ndi masikani ena, III ndi IV ndiwo amakambirana za opaleshoni.

Asanabayidwe contrast ayezetse magazi a creatinine kuti zidziwike ngati impso zikusefa bwino. Ngati ali ndi shuga ndipo amamwa metformin, kapena contrast inawayabwapo kale, anene asanagone pamakina. MRI, sikani ina yogwiritsa ntchito maginito, imabwera pamene CT yasiya chikayiko, pamene munthu sagwirizana ndi contrast ya CT, kapena pofuna kuona ngati chotupa chalowa mumtsempha waukulu. Wokhala ndi pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda) kapena chitsulo m'thupi azinena msanga asanalowe mu MRI.

Ena amati popanda biopsy, kutenga kachidutswa ka chotupa n'kukakayeza, palibe chodziwika. Pa impso sizili choncho nthawi zonse. CT ikaonetsa bwino, madokotala ambiri amachotsa chotupacho n'kukachiyeza pambuyo, ndipo amajambulanso chifuwa kuona ngati sichinafike m'mapapo.

Kuno ku Lusaka nkhani zotere zimathera kwa madokotala a urology, oona za impso ndi njira ya mkodzo, ku chipatala cha University Teaching Hospital (UTH), ndipo ikatsimikizika khansa, Cancer Diseases Hospital ili pafupi pomwepo. Ngati bambo ali pa NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, funsani ngati sikaniyo ikulipiridwa musanathamangire ku private. Kulikonse kumene mungajambulitse, tengani zithunzi zenizenizo pa CD, osati lipoti lokha, chifukwa dokotala wa opaleshoni amafuna kudzionera yekha.