Mafunso ndi Mayankho: Shoko pa Makina Owotcherera, Maso Owawa Usiku ndi Thanki ya Petulo

FUNSO: Ndili ndi kashopu kowotcherera zitsulo ku Chibavi, komwe ndimapanga mageti, mafelemu a zitseko ndi mbaula. Makina anga ndi opangidwa konkuno, aja a thiransifoma yokulunga pamanja. Nyengo ya mvula ikafika ndimagwidwa shoko ndikamasintha rodi (kandodo kachitsulo kamene kamasungunuka powotcherera), ndipo nthambo zimatentha moti pulasitiki wake wayamba kusungunuka. Anzanga amati zimenezi n'zozolowereka pa ntchito yathuyi. Kodi n'zoona, kapena makinawa afika potayidwa?
Wowotcherera zitsulo, Chibavi

YANKHO: Bambo, anzanuwo akukusocheretsani, chifukwa shoko imene mukuimvayo ndi chenjezo lakuti magetsi apeza njira yodutsa m'thupi mwanu. Magetsi a ESCOM amafika pa soketi ali pa mavoti 230, ndipo thiransifoma imawatsitsa. Makina akayaka koma musanayambe kuwotcherera, pakati pa chogwirira rodi ndi chitsulo chimene mwapanapo nthambo ya ethi (yobwezera magetsi ku makina) pamakhala mavoti apakati pa 50 ndi 80, ndipo moto ukangobuka amatsika kufika pa 20 kapena 30. Choncho nthawi yoopsa kwambiri ndi yomweyo imene mwatchula, pamene mukuchotsa kachidutswa ka rodi yakutha ndi kulowetsa yatsopano. Khungu louma limatchinga magetsi pang'ono, koma likanyowa ndi thukuta kapena mvula chitetezo chimenecho chimachepa kwambiri, ndipo mavoti omwewo amene mwezi wa Okutobala amangokunyerenyetsani angathe kusokoneza kugunda kwa mtima mwezi wa Febuluwale.

Kuno ku Mzuzu nkhani ya chinyezi si yoyenera kuipeputsa. Mvula yathu imachedwa kusiya, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira chifunga cha m'mawa chimanyowetsa dothi ndi zitsulo zimene zagona panja. Musawotcherere mutaima pa dothi lonyowa kapena mutagwada pa geti lomwe mukulumikizalo. Imani pa thabwa louma kapena pa labala, valani nsapato zotseka osati patapata, ndipo khalani ndi magolovesi achikopa mapeyala awiri kuti ena akanyowa muvale ena. Chizolowezi chopana chogwirira rodi m'khwapa kapena chokoleka nthambo paphewa muchisiye lero, popeza malo amenewo ndiwo amakhala onyowa ndi thukuta komanso ali pafupi ndi mtima.

Pali chifukwa china chimene chikundidetsa nkhawa koposa. M'kati mwa thiransifoma muli makoyilo awiri, ina yolandira mavoti 230 ndi ina yotulutsa moto wowotcherera, ndipo chimene chimazilekanitsa ndi vanishi wa pa waya pamodzi ndi mapepala kapena nsalu zimene wopangayo anaikapo. Makina okulunga pamanja akamatenthedwa tsiku ndi tsiku, zotchingazo zimapsa pang'onopang'ono mpaka makoyilo aja amakhudzana, ndipo zikatero mavoti onse 230 angathe kufika pa chogwirira rodi chili m'manja mwanu. Vuto limeneli silioneka ndi maso. Itanani katswiri wa zamagetsi amene ali ndi chipangizo choyezera mphamvu ya zotchingazo, ndipo akapeza kuti zafooka, makinawo asayatsidwenso mpaka atakulungidwa mwatsopano. Sindikunyoza makina opangidwa konkuno, chifukwa adyetsa mabanja ambiri, koma ayenera kukhala m'bokosi lokhala ndi timipata ta mpweya, pamalo okwera ndi ofoleredwa, osati makoyilo ali pamtetete pomwe mwana wodutsa angawakhudze. Ngati bokosilo ndi lachitsulo, lilumikizidwe ku ethi ya nyumbayo, waya uja wopititsa m'nthaka magetsi otayika. Makina akhale ndi pulagi yeniyeni ndi bureka yakeyake (switchi yozimitsa yokha magetsi pakakhala vuto), ndipo mawaya osenda ongotsomeka mu soketi n'kupanikiza ndi timitengo ta machesi asapezeke pa shopu panu.

Kutentha kwa nthambo kumabwera chifukwa cha kuwonda kwake kapena chifukwa cha mfundo zongopota ndi manja. Rodi ya mamilimita 2.5 imafuna maampu (muyeso wa magetsi oyenda mu waya) apakati pa 60 ndi 90, pamene ya 3.2 imafuna 90 mpaka 130, ndipo mphamvu yotereyi siyenera kudutsa mu waya wa magetsi a m'nyumba. Gulani nthambo yeniyeni yowotcherera, ya kopa, ya saizi 25 kapena 35, ndipo paliponse pamene yang'ambika dulanipo n'kulumikiza ndi bawuti yomanga zolimba, kenako n'kukulungapo bwino. Ambiri m'malo mwa nthambo ya ethi amangoyala tizitsulo pansi totsatizana kuchoka pa makina kukafika pa ntchito, koma pomwe tizitsuloto takhudzana pamathetheka moto, ndiponso mphamvu imatayika panjira moti rodi imangokakamira. Panani ethi pachitsulo chopalidwa dzimbiri, pafupi ndi pamene mukuwotcherera.

Makina amafunanso kupuma. Pa makina ogula m'sitolo pamalembedwa gawo la mphindi 10 zilizonse limene angagwire ntchito, mwachitsanzo 60% kutanthauza mphindi 6 zowotcherera ndi 4 zozizira. Anuwo alibe cholembedwa chotero, choncho mukamva fungo la vanishi wopserera dziwani kuti mwawapitiriza muyeso. Kamodzi pa sabata azuleni ku magetsi, upuzani fumbi ndi tizidutswa ta chitsulo tochokera ku gilainda, ndipo mangitsani mabawuti onse. Marodi asungeni m'chitini chotseka m'nyumba, chifukwa rodi yachinyezi imalavula moto ndipo imasiya timabowo m'kati mwa msoko.

FUNSO: Mwana wanga wayamba kuphunzira kuwotcherera ku Luwinga. Masiku ena amadzuka pakati pa usiku akulira kuti m'maso muli ngati mchenga, misozi ili mbwembwembwe. Abwana ake amamuuza kuti aziikapo mbatatesi yodula ndi kumwa mkaka. Ndichite chiyani?
Mayi wodandaula, Zolozolo

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa msanga. Moto wowotcherera umatulutsa kuwala kosaoneka kotchedwa ultraviolet, komwe kumawaula khungu la pamwamba pa diso. Ululu wake suyamba nthawi yomweyo koma patapita maola 6 mpaka 12, n'chifukwa chake mwanayo amaweruka ali bwinobwino n'kudzavutika usiku. Kawirikawiri diso limapola lokha m'tsiku limodzi kapena awiri. Zikamuchitikira agone m'chipinda chamdima, aike kansalu koyera konyowetsa ndi madzi ozizira pazikope atatsinzina, amwe panado, ndipo asatikite. Mbatatesi imangoziziritsa basi, ndipo ingathe kulowetsa dothi ndi tizilombo m'diso lomwe lili kale ndi bala. Asadonthezemo mkaka, shuga kapena mankhwala azitsamba. Ululu ukapitirira masiku awiri, akamaona mwachimbuuzi, kapena mukakayikira kuti mwalowa kachitsulo, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, monga ku Mzuzu Central, chifukwa kachitsulo kakakhalitsa kamachita dzimbiri m'disomo.

Chenicheni n'chakuti mwanayo sayenera kumapsa maso n'komwe. Afunika chishango chophimba nkhope yonse chokhala ndi galasi lakuda la nambala 10 kapena 11 pa marodi ang'onoang'ono, ndi 12 kapena 13 pa ntchito zikuluzikulu. Magalasi adzuwa a pamsika satchinga mokwanira, ndipo kutsinzina kapena kuyang'ana kumbali pogundiza rodi, komwe ophunzira ambiri amatengera kwa akuluakulu, kumasiya nkhope ndi khosi zikuwauka. Wophunzira ndiye amavulala kwambiri chifukwa nthawi zambiri ntchito yake ndi kugwirira chitsulo pamene chishango chimodzi chokhacho chili ndi abwana. Avale ovolosi ya thonje ya manja aatali, osati jezi ya nayiloni imene imasungunukira pakhungu.

Za mkakazo, ngati cholinga chake n'kutsuka utsi wowotcherera, dziwani kuti chakumwa chimapita m'mimba pamene utsi umapita m'mapapo, kotero palibe chimene mkaka umatsuka. Mu 2017 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa World Health Organization, linaika utsi wowotcherera m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Utsi woyera wa mapaipi ndi malata okutidwa ndi zinki umabweretsanso kutentha thupi ndi kuphwanya m'nkhongono usiku, zomwe ambiri amaziyesa malungo. Azigwira ntchito pamalo odutsa mphepo, mutu uli kunja kwa utsi, ndipo zinki ndi penti azizipala kaye asanayambe. Lamulo la dziko lino la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pa ntchito limapereka udindo wosamala antchito kwa mwini ntchito, choncho kukalankhula ndi abwanawo mwaulemu kuti agule chishango chachiwiri sikulowerera za eni.

FUNSO: Kasitomala wabweretsa thanki ya njinga yamoto yodontha. Ndaikhuthula petulo yense ndi kuiyanika padzuwa. Ndingaiwotcherere?
Mnyamata wa pa galaja, Chiputula

YANKHO: Ayi, achimwene, musayerekeze. Chimene chimaphulika ndi mpweya wa petulo wosakanikirana ndi mpweya wamba, ndipo thanki yokhuthula ndiyo imadzaza ndi msakanizo umenewu, ngakhale itakhala padzuwa masiku angapo kapena kutsukuluzidwa ndi madzi. N'chimodzimodzinso migolo yomwe munali dizilo, thina kapena mafuta ena, imene anthu amabweretsa kuti idulidwe pakati. Ntchito yotere imafuna kutsuka ndi nthunzi ndi kuyeza mpweya wotsalamo ndi chipangizo, zomwe galaja wamba ilibe. Muuzeni kasitomalayo agule thanki ina. Ndipo tsiku limene mukuwotcherera mbali ina ya njinga kapena galimoto, chotsani kaye thanki ngati ili pafupi, masulani mawaya a batire, ndipo khalani ndi ndowa ya mchenga pomwepo.